Msika wa osewera ku Ulaya: chifukwa chiyani "agwirizana" sikutanthauza kuti wosewera wafika?

Ligi ya ku England ikangotha mu Meyi, mkangano wa zigoli umatha koma umayamba wina: timu yathu igula ndani? Kuno kwathu imakhala nyengo yachisanu, anthu ali m'majuzi, pomwe ku Ulaya kuli kotentha ndipo matimu akusinthana osewera. Pometetsa tsitsi, m'minibasi, m'magulu a WhatsApp, nkhani imakhala yomweyo. Wina atulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha katswiri atavala kale jezi yatsopano: "Amwene, uyu watheka." Mnzake akuti ayi, iye wawerenga kuti akupita kwina. Sabata ikutha, wosewerayo adakali pomwe anali.

Nthawi zambiri awiriwa sanawerenge bodza. Aliyense waona khomo limodzi la nyumba ya makomo ambiri, n'kuyesa kuti ndilo lotulukira. Zitsanzo zambiri m'nkhaniyi zichokera ku Liverpool, chifukwa pakati pa 2013 ndi 2025 timuyi yakumana ndi pafupifupi njira iliyonse yomwe malonda a wosewera angathekere kapena kulepherekera.

Msika wokhala ndi tsiku lotsegula ndi lotseka

Msika wa osewera ndi nyengo yomwe timu imaloledwa kulembetsa wosewera watsopano kubungwe loyendetsa mpira. Kukambirana kutha kuchitika mwezi uliwonse, koma kulembetsa kuli ndi nthawi yake. Zili ngati fodya: mlimi amasamala mbewu miyezi yambiri, ogula amadziwa kale yemwe ali ndi tsamba labwino, koma mabelo amagulitsidwa msika wa ku Kanengo kapena ku Limbe ukatsegulidwa.

Kale ku England timu inkatha kugula wosewera mkati mwa ligi mpaka chakumapeto kwa Malichi. Dongosolo la misika iwiri, waukulu pakati pa chaka ndi waung'ono mu Januwale, linayamba kugwira ntchito mu nyengo ya 2002/03, potsatira zomwe FIFA (bungwe loyendetsa mpira padziko lonse), UEFA (la mpira wa ku Ulaya) ndi akuluakulu a European Union anagwirizana mu 2001. Dziko lililonse limasankha masiku ake, ndipo chofunika ndi msika wa dziko lomwe wosewera akupita. N'chifukwa chake msika wa ku England ukatseka, timu itha kugulitsabe wosewera kudziko lomwe msika wake udakali wotsegula.

Kodi timu imagula chiyani kwenikweni?

Timanena kuti "amugula", koma timu sigula munthu. Wosewera amakhala ndi kontrakiti ya zaka zingapo ndi timu yake. Ndalama zomwe timamva zija ndi zolipira timuyo kuti ivomere kuthetsa kontrakitiyo nthawi isanakwane. Taganizirani shopu ya lendi yomwe ili pamalo abwino, ndipo wochitapo malonda ali ndi mgwirizano wa zaka zisanu. Mukafuna kulowamo chaka choyamba, mumupatsa zambiri kuti asamuke. Ikatsala miyezi isanu ndi umodzi, mutha kungodikira.

Sizinali choncho kuyambira kale. Mu 1990 wosewera wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, kontrakiti yake itatha ku RFC Liège, ankafuna kupita ku Dunkerque ya ku France. Malamulo a nthawiyo ankalola timu yake kufunabe ndalama ngakhale kontrakiti inali itatha. Ulendo unalephereka, malipiro ake anadulidwa kwambiri, ndipo iye anakadandaula kukhoti. Pa 15 Disembala 1995 khoti lalikulu la European Union linamugamulira mokomera. Kuchokera pamenepo, wosewera yemwe kontrakiti yake yatha amachoka popanda timu yake kulandira kanthu, ndipo malamulo a FIFA amamulola kusainirana ndi timu ina ikatsala miyezi isanu ndi umodzi.

Apa ndi pomwe pagona funso loyamba lomwe wochemerera ayenera kufunsa akamva mphekesera: kontrakiti yatsala zaka zingati? Trent Alexander-Arnold anachoka ku Liverpool kupita ku Real Madrid mu 2025 kontrakiti yake ikutha pa 30 Juni. Real inalipira pafupifupi €10 miliyoni, ndipo zinali zongoti amasulidwe mwezi umodzi msanga kuti akasewere mpikisano wa Club World Cup ku America. Akanakhala ndi zaka zinayi zotsala, mtengo wake ukanakhala wina.

Ayenera kuvomera ndi atatu

Timu yogula iyenera kufuna, timu yogulitsa ivomere mtengo, wosewera avomere malipiro ndi kusamuka. N'chimodzimodzi ndi ukwati wa kwathu. Mnyamata ndi mtsikana angagwirizane, koma ankhoswe asanakhale pansi palibe chomwe chamangidwa. Ankhoswe nawo angamvane bwinobwino, koma mwiniwake akakana, nkhani yathera pomwepo. Ndiye mukawerenga kuti "agwirizana", funsani kuti agwirizana ndani ndi ndani.

Mu Ogasiti 2023 Brighton inavomera £111 miliyoni kuchokera ku Liverpool pa Moisés Caicedo. Jürgen Klopp, yemwe anali mphunzitsi wa Liverpool, anatsimikiza yekha pamaso pa atolankhani kuti matimu amvana. Ochemerera anayamba kuwerengera mmene pakati pa timu padzakhalire. Koma mtima wa Caicedo unali ku Chelsea, ndipo patangopita masiku ochepa anasaina kumeneko pamtengo wofika £115 miliyoni. Liverpool inakatenga Wataru Endo ku Stuttgart pamtengo wochepa kwambiri. Palibe mtolankhani ananama ponena kuti Brighton yavomera. Kunangosowa kuvomera kwachitatu.

Zimachitikanso mosemphana. Lamulo la Premier League limati timu isalankhule ndi wosewera wa timu ina popanda chilolezo cha eni ake. Mu Juni 2017 zinamveka kuti Virgil van Dijk wasankha Liverpool. Southampton, yomwe inali timu yake, inakadandaula ku ligi kuti anzawo alowera pazenera, ndipo Liverpool inapepesa poyera n'kunena kuti yasiya kumufuna. Apa wosewera anali atavomera, eni ake asanavomere. Panapita miyezi isanu ndi umodzi kuti matimu amvane pa £75 miliyoni, ndipo Van Dijk anafika mu Januwale 2018. Aliyense m'mpira amadziwa kuti maejenti amafufuza maganizo a wosewera timu isanapereke mtengo, chifukwa palibe yemwe akufuna kuchita manyazi ngati omwe Liverpool inachita pa Caicedo. Lamulo limaluma makamaka zinthu zikachitikira poyera.

Mtengo wolembedwa kale m'kontrakiti

M'makontrakiti ena mumakhala ndime yotchedwa release clause. Imanena kuti timu ina ikapereka ndalama zakutizakuti, eni ake sangakane. Ku Spain zimenezi zinachokera pa lamulo la boma la 1985 lopatsa wochita masewero ufulu wodziwombola pa kontrakiti yake, ndipo pafupifupi wosewera aliyense kumeneko ali ndi mtengo wotere. Mu 2017 Barcelona sinkafuna kugulitsa Neymar, koma €222 miliyoni yolembedwa m'kontrakiti italipiridwa, inangoyang'ana iye akupita ku Paris Saint-Germain.

Ku England ndime zotere si za aliyense, ndipo mawu ake amasiyana. Mu 2013 Arsenal inamva kuti Luis Suárez angachoke ku Liverpool pakaperekedwa ndalama zoposa £40 miliyoni, ndiye inapereka £40,000,001, kuwonjezera paundi imodzi yokha. Liverpool inakana, ponena kuti ndimeyo siikakamiza kugulitsa. Suárez anakhala, n'kumwetsa zigoli 31 mu ligi nyengo yotsatirayo. Dziwaninso kuti ndimeyi imachotsa mphamvu kwa timu yogulitsa yokha. Mu 2024 Liverpool inali yokonzeka kulipira €60 miliyoni ya Martín Zubimendi ku Real Sociedad, mwiniwake n'kusankha kukhala kwawo. Chaka chotsatira anapita ku Arsenal.

Nambala ya m'nyuzi ndi nambala ya m'mabuku

Pano ndi pomwe mikangano yambiri ya ochemerera imasokonekera, choncho tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Choyamba, mtengo womwe umalengezedwa umakhala ndi magawo awiri: ndalama zotsimikizika ndi zowonjezera zomwe zimalipiridwa pokhapokha zinthu zina zitachitika, monga wosewera kusewera magemu angapo kapena timu kutenga chikho. Florian Wirtz atachoka ku Bayer Leverkusen mu 2025, ena ankati £100 miliyoni, ena £116 miliyoni. Onse ankanena za malonda amodzi omwewo: £100 miliyoni yotsimikizika ndi £16 miliyoni yodalira zomwe zidzachitike. Timu yogulitsa imakonda kutchula nambala yaikulu, yogula yaing'ono. Ndalamazo kawirikawiri siziperekedwa tsiku limodzi, zimalipiridwa m'zigawo kwa zaka zingapo.

Chachiwiri, m'mabuku a timu mtengo umagawidwa pa zaka za kontrakiti. Munthu akagula chigayo choti chimugwirire ntchito zaka zisanu, sawerengera kuti ndalama zonse zatayika chaka choyamba, amagawa mtengowo pa zaka zisanuzo. Timu ikagula wosewera pa £100 miliyoni n'kumupatsa kontrakiti ya zaka zisanu, m'mabuku imalemba £20 miliyoni chaka chilichonse, malipiro ake n'kukhala apadera. Chelsea inaona mpata pamenepa. Mu Januwale 2023 inapatsa Enzo Fernández ndi Mykhailo Mudryk makontrakiti a zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, kuti mtengo ugawike pang'onopang'ono. Chaka chomwecho UEFA, kenako Premier League, anaika malire akuti mtengo usagawidwe pa zaka zoposa zisanu, kontrakiti italike bwanji.

Kugulitsa kumawerengedwa mwanjira ina. Phindu lonse limalowa m'mabuku nthawi imodzi. Ngati wosewerayo timu inamulera yokha kuyambira ali mwana, m'mabuku alibe mtengo wogulira, ndiye ndalama zonse zomugulitsira ndi phindu. Kugulitsa mnyamata wa m'nyumba pa £20 miliyoni kumalipira chaka chathunthu cha katswiri wa £100 miliyoni uja. Wochemerera amaona ngati timu yataya mwana wake popanda chifukwa, pomwe wowerengera ndalama waona khomo lotseguka. Onse ali ndi mfundo, ndipo ine ndimamvetsa kuwawa kwa woyambayo.

Zonsezi zili ndi ntchito chifukwa cha malamulo oletsa kuwononga mopitirira. Kwa zaka zambiri Premier League inkalola timu kuluza ndalama zosaposa £105 miliyoni pa zaka zitatu. Ambiri ankayesa kuti ndi lamulo la papepala, mpaka mu Novembala 2023 pomwe Everton inalandidwa mapointi 10. Itachita apilo anatsika kufika pa 6, kenako inalandidwanso ena 2 pa mlandu wina. Nottingham Forest inalandidwa 4 mu Malichi 2024. Zitatero, matimu omwe chaka chawo cha zachuma chimatha pa 30 Juni anayamba kuthamanga m'masiku omaliza a mweziwo. Mu Juni 2024 Aston Villa ndi Everton anagulitsana anyamata awiri, Tim Iroegbunam ndi Lewis Dobbin, ndipo Newcastle inagulitsa Elliot Anderson, mwana wakwawo, ku Forest. Mukamva kuti timu yolemera "iyenera kugulitsa kaye isanagule", sizitanthauza kuti mwini wake wasauka. Zikutanthauza kuti mabuku sakulola. Liverpool inagula kwambiri mu 2025, koma chaka chomwecho inagulitsa Luis Díaz ku Bayern Munich, Darwin Núñez ku Al-Hilal ndi Jarell Quansah, yemwe inalera yokha, ku Leverkusen, ndipo chaka cham'mbuyo inali itagula pang'ono.

Ngongole, ndi gawo la timu yolera

Wosewera akapita pangongole, kontrakiti yake imakhalabe ndi timu yakale koma amasewerera ina kwa nyengo yoikika, ngati ng'ombe yolimira yomwe yabwerekedwa kwa dzinja limodzi. Nthawi zina pamakhala mwayi woti obwerekawo agule akafuna, nthawi zina amakakamizika kugula. Tabitha Chawinga ndi chitsanzo chathu: ali wa timu ya Wuhan ku China, anasewera pangongole ku Inter mu 2022/23 ndi ku Paris Saint-Germain mu 2023/24, konseko n'kutsogola pomwetsa zigoli mu ligi, asanasamukire ku Lyon mu 2024.

Malamulo a FIFA amatinso wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengo igawidwe kwa matimu omwe anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Kwa matimu a kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu, koma ndalamazo zimatsata zomwe zinalembedwa m'kaundula. Mwana yemwe sanalembetsedwe bwino ali wamng'ono, timu yomulera imavutika kusonyeza kuti inamulera.

Mphekesera zimachokera kuti?

Aliyense yemwe anafunapo nyumba ya lendi mu Lilongwe kapena mu Blantyre amadziwa mawu aja a ejenti: "Bwana, ganizani msanga, pali wina akubwera ndi ndalama masana ano." Mwina winayo alipodi, mwina palibe, koma mawuwo agwira kale ntchito yake. Msika wa osewera umayenda chimodzimodzi. Ejenti amadya malonda akachitika kapena wosewera wake akasaina kontrakiti yatsopano, ndipo ndalama zake si zochepa: bungwe la FA ku England linalengeza kuti matimu a Premier League analipira maejenti ndalama zoposa £409 miliyoni pakati pa Febuluwale 2023 ndi Febuluwale 2024.

Choncho nkhani yoti timu yaikulu ikufuna wosewera wina itha kuchokera kwa ejenti yemwe akufuna kuti malipiro a munthu wake akwere komwe ali. Itha kuchokera ku timu yogulitsa, yomwe ikufuna kuti ogula apikisane. Itha kuchokera ku timu yogula, yomwe ikuonetsa eni a wosewera wina kuti ili ndi kwina kopita. Itha kuchokeranso patsamba la pa intaneti lomwe limapeza ndalama anthu akamalitsegula, ndipo dzina la Manchester United kapena Arsenal pamutu wa nkhani limakoka maso. Mwa zonsezi, nkhani ya ejenti ndi ya matimu nthawi zambiri imakhala ndi kachoonadi mkati. Yatulutsidwa ndi cholinga, basi.

Atolankhani ena adziwika chifukwa cholondola kawirikawiri. Fabrizio Romano wa ku Italy amadziwika ndi mawu ake oti "Here we go", omwe amalemba akamva kuti mbali zonse zamvana. David Ornstein wa The Athletic amalemba kawirikawiri za matimu a ku England. Koma nawonso amamva kwa anthu omwe ali ndi zofuna zawo, ndipo pa Facebook ndi pa X pali masamba ambiri onamizira mayina awo. Mawu a m'nkhani nawo ali ndi makwerero. "Ikumuyang'anitsitsa" ndi pansi penipeni, chifukwa timu yaikulu imatsatira osewera ambirimbiri nthawi imodzi. "Yafunsa mtengo" ndi sitepe yotsatira. "Yapereka mtengo" ndiye kuti pali kalata yomwe yatumizidwa. Kwa ine, mphekesera imayamba kulemera ikafika pa kalatayo.

Makomo awiri omaliza: dokotala ndi wotchi

Onse atatu akavomera, wosewera amapimidwa ndi madokotala a timu yogula. Mu 2000 Ruud van Nistelrooy anatsala pang'ono kupita ku Manchester United, koma bondo lake linadetsa nkhawa madokotala, ndipo anafika patapita chaka. Mu 2018 ulendo wa Nabil Fekir wochoka ku Lyon kupita ku Liverpool unalephereka atapimidwa kale.

Kenako pali mapepala ndi nthawi. Pa 31 Ogasiti 2015 David de Gea anali woti achoke ku Manchester United kupita ku Real Madrid, Keylor Navas n'kubwera m'malo mwake. Mapepala sanalowe pa nthawi yake, matimu awiriwo analozana zala, ndipo magoloboyi onse anakhala komwe anali.

Tsiku la 1 Seputembala 2025 linaonetsa mbali zonse ziwiri pa timu imodzi. Msika unkatseka 7 koloko madzulo ku England, kuno ili 8 koloko usiku. Alexander Isak, yemwe anali atakana kusewerera Newcastle n'kulemba poyera kuti malonjezo anaphwanyidwa, anasaina ku Liverpool pa £125 miliyoni, mtengo waukulu kuposa wina uliwonse womwe timu ya ku Britain inali italipirapo. Tsiku lomwelo Marc Guéhi, kaputeni wa Crystal Palace, anapimidwa ku London, matimu atamvana pa £35 miliyoni. Pepala lopempha maola owonjezera omalizitsira zonse linatumizidwa ku ligi. Koma Palace inali isanapeze wotchinga kumbuyo wolowa m'malo mwake, mphunzitsi wake Oliver Glasner sankafuna kumutaya, ndipo usiku womwewo timuyo inabweza mawu. Guéhi anadutsa makomo onse kupatula lomaliza.

Zomwe sizinathe kukambidwa

Nkhani ya Isak yasiya funso lomwe ochemerera amagawanika nalo malinga ndi timu yomwe amakonda. Ena amati kontrakiti ndi kontrakiti, wosaina ayenera kuilemekeza. Ena amati timu nayo imakankha wosewera panja ikatopa naye, ndiye sizingakhale zolakwika mbali imodzi yokha. Poyerekeza ndi Guéhi, yemwe anasewerabe mokhulupirika koma ulendo wake n'kulephereka, ena akuda nkhawa kuti osewera aphunzirapo kuti kunyanyala kumapindula.

Makhoti nawo alowererapo. Pa 4 Okutobala 2024 khoti lomwe lija linagamula mlandu wa Bosman linapeza kuti ena mwa malamulo a FIFA akutsutsana ndi malamulo a European Union. Unali mlandu wa Lassana Diarra, yemwe atasemphana ndi Lokomotiv Moscow analephera kupita ku Charleroi chifukwa timuyo inkaopa kulipitsidwa nawo chindapusa chake. FIFA inasintha malamulo ena mongoyembekezera. Kodi zidzafika poti wosewera azitha kuthetsa kontrakiti mosavuta, mitengo n'kugwa? Ngati zitatero, matimu ang'onoang'ono omwe amadalira kulera ndi kugulitsa adzakhala bwanji, ndipo 5 peresenti ija ya matimu olera idzachokera pa chiyani?

FIFA inayesanso kuika malire pa ndalama zomwe maejenti amalandira, koma makhoti a m'mayiko ena, kuphatikizapo Germany, anaimitsa mbali zina za lamulolo. Ku England, matimu anavota mu Novembala 2025 kuti kuyambira nyengo ya 2026/27 lamulo la £105 miliyoni lilowedwe m'malo ndi lina loti ndalama za osewera zisapose 85 peresenti ya zomwe timu imapeza, pomwe UEFA imaika malire pa 70 peresenti kwa matimu osewera zikho za ku Ulaya. Olikonda akuti liteteza matimu kuti asagwe ndi ngongole. Olitsutsa akuti timu yopeza zambiri izigulabe zambiri, ndipo yomwe ikufuna kukwera ipeza chitseko chotseka. Kodi lamulo latsopanoli lithetsa mchitidwe wogulitsa anyamata oleredwa m'nyumba pofuna kukonza mabuku, kapena lingosintha tsiku lomwe amagulitsidwira?